Fayilo yanu yafika, kapena ikali pa siteshoni?

Kukwera basi pa Kulima Tower si kufika kunyumba. Nayo fayilo ni chimodzimodzi: kuiika mu foda ya Google Drive kapena OneDrive pa kompyuta sikutanthauza kuti yafika pa intaneti. Ndaona ambiri m'tauni muno akutsegula foni kuti atumize CV pa tsiku lotsiriza, n'kupeza mulibe kanthu. Malaiti anazima fayilo isananyamuke.

Choyamba chimene ndimauza anzanga n'chakuti: penyani kachizindikiro pambali pa fayilo. Pa OneDrive, timivi tozungulira ndiye kuti ikali m'njira, X yofiira ndiye kuti yakana. Musazime kompyuta timivi tisanaleke.

Chachiwiri ni malo. Google imapatsa 15 GB yaulere, koma imagawana ndi Gmail ndi Google Photos. OneDrive imapatsa 5 GB chabe. Mavidiyo a kitchen party akadzaza, CV siipeza mpando.

Chachitatu ni bando. Ngati mwalumikiza kompyuta ku hotspot ya foni, Windows ingaone kuti intanetiyo ni yopimira, ndipo OneDrive imaima yokha kuti isadye data. Dinani kamtambo pafupi ndi wotchi, muiuze ipitirize. Ikakanabe, itsekeni n'kuitsegulanso.

Manje chenjezo, abale: mukafufuta fayilo mu foda imeneyo, ndi pa intaneti pomwe imafufutika. Google Drive imaisunga mu bini masiku 30 chabe. Musanachoke pa ofesi, tsegulani foni muione ndi maso anu.