Kujambula anthu mosawakonzekeretsa ndi kamera ya filimu

Filimu ya kamera ndi kapulasitiki kopyapyala kopakidwa timibulu ta mankhwala a siliva tosaoneka ndi maso. Kuwala kukalowa pagalasi la kamera, timibulu tomwe takhudzidwa timasintha, koma chithunzi sichioneka mpaka filimuyo itatsukidwa m'mankhwala mumdima. N'chifukwa chake ojambula akale, omwe ankayenda panjinga m'midzi ya kwa Jenala ndi madera ena a ku Phalombe, ankauza anthu kuti adikire kaye filimu ikatsukidwe kutauni. Wina akatsegula kamera padzuwa, filimu inkapsa.

Mpukutu wa filimu ya 35mm kawirikawiri umatulutsa zithunzi 24 kapena 36 basi. Luso lojambula anthu ali pa ntchito zawo linakula kamera zazing'ono zitabwera, makamaka Leica yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1925, ndipo Henri Cartier-Bresson wa ku France anatchuka nayo. Koma Leica ndi yodula mopitirira. Pentax K1000, yomwe inatuluka mu 1976, imagwira ntchito yomweyo, ndipo batire yake ndi yoyezera kuwala kokha; ikatha, kamera imajambulabe.

Chinsinsi cha luso limeneli chagona pa kutchera kamera munthu asanafike. Mayi wosenza mtanga wa matemba a ku Chilwa sangaime kudikira kuti wojambula apotoze galasi. Choncho pa galasi la 35mm wojambula amaika kabowo kolowera kuwala pa f/8, mtunda pa mamita 3. Akatero, chilichonse chomwe chili pakati pa mamita pafupifupi 2 ndi 7 chimaoneka bwino, ndipo chotsala n'kudina basi.

Dzuwa la m'chigwa cha Phalombe limathandiza chifukwa silisinthasintha m'chilimwe. Ndi filimu ya ISO 100, kunja kukawala bwino, f/8 imayenda ndi liwiro lotsegula ndi kutseka kamera la 1/500 ya sekondi, lokwanira kugwira wakabaza akupalasa. Vuto ndi la masana: dzuwa likakhala paliwombo, nkhope ya munthu wovala chipewa kapena wokhala pansi pa chisakasa imada n'kusowa maso. Apa ndi bwino kukulitsa kabowo kufika pa f/5.6, poti filimu ya negetivu imapirira kuwala kochuluka kusiyana ndi kochepa. M'mawa ndi chakumadzulo nkhope zimatuluka zokongola popanda khama lililonse.

Kutentha kwa mu Okutobala kumawononga filimu, makamaka yamitundu, choncho siyenera kusiyidwa m'galimoto kapena pansi pa malata otentha. Fumbi nalo limakanda filimu likalowa poisintha.

Kujambula mosakonzekeretsa si kujambula mobisa. Kumudzi mlendo wonyamula kamera amadziwika nthawi yomweyo, ndipo kuzembera kumangobala chikayiko. Wanzeru amayamba wapereka moni kwa amfumu kapena akuluakulu a msika, n'kukhala pamalo amodzi mpaka anthu atamuzolowera. Ana sajambulidwa makolo asanalole, ndipo munthu akakana, kamera itsitsidwe.