Zitsanzo Zabwino Zibala Mapu Abwino: Phunziro la ku Chulu

Mphunzitsi aliyense adziwa kuti mwana amene waonetsedwa mbuzi zakuda zokhazokha amasokonezeka akakumana ndi mbuzi yoyera. Mfundo yomweyi ndiyo ilamulira ntchito yopanga mapu kuchokera ku zithunzi za masetilaiti, makina amene azungulira dziko lapansi najambula nthaka kuchokera mumlengalenga.

Setilaiti yoyamba ya Landsat inaulutsidwa ndi dziko la America mu 1972, ndipo kuyambira mu 2008 zithunzi zake zipezeka kwaulere. Mu 2015 maiko a ku Ulaya anaulutsa Sentinel-2. Chithunzi chilichonse chimapangidwa ndi timadontho: pa Landsat kadontho kamodzi kaimira malo a mamita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi, pamene pa Sentinel-2 kaimira mamita 10.

Kompyuta siidziwa yokha kuti kadontho aka ndi nkhalango kapena munda. Munthu ayenera kupita pamalopo, kuona chimene chilipo, ndi kulemba. Zolembedwazo ndizo zitsanzo zimene kompyuta iphunzirirapo isanayambe kugawa dziko lonse m'magulu. Zitsanzo zikalakwika, mapunso alakwika.

Tiyeni titenge dera la Chulu m'boma la Kasungu, limene lichita malire ndi nkhalango ya Kasungu National Park. Kumeneko kuli minda ya fodya ndi chimanga, madambo, bulugamu wobzalidwa, ndi mitengo yachilengedwe monga mombo ndi msuku. M'dzinja fodya ndi chimanga zonse zibiriwira, ndipo mitambo imaphimba zithunzi zambiri. M'chilimwe mombo uyoyola masamba, pamene bulugamu ndi dambo zikhalabe zobiriwira. Lupsa nalo lida bii, mwakuti kompyuta ingaliyese madzi. Mapu akaonetsa bulugamu ngati nkhalango yachilengedwe, akuluakulu a zankhalango adzaganiza kuti mitengo ilipo pamene inatha kale ndi nkhuni zochizira fodya.

Nanga zitsanzo tingazikonze bwanji? Choyamba, gulu lililonse likhale ndi zitsanzo zokwanira, ngakhale gulu la malo ochepa ngati madambo. Chachiwiri, tisatole zitsanzo m'mbali mwa msewu mokha, pakuti kumeneko sikuimira dera lonse. Chachitatu, tiime pakati pa munda, osati m'malire, chifukwa kadontho ka m'malire kamasakaniza zinthu ziwiri. Chachinayi, tilembe tsiku, popeza munda wa fodya chaka chino ungakhale wa chimanga chaka chamawa. Chachisanu, tipatule zitsanzo zina zoyesera mapu akatha, monga momwe mphunzitsi sapereka pa mayeso masamu omwewo amene anachitira pabolodi.

M'kalasi phunziroli silifuna kompyuta. Ana ajambule papepala malo ozungulira sukulu m'timabokosi tofanana. Atapempha chilolezo kwa amfumu ndi eni minda, atuluke m'magulu ndi kulemba chimene apeza m'kabokosi kalikonse. Pobwera, magulu awiri amene anayendera malo amodzi ayerekeze zolemba zawo. Gulu lina lidzati "tchire", lina "tsala". Mphunzitsi asafulumire kuweruza. Awatsogolere mpaka agwirizane tanthauzo la liwu lililonse, pakuti akatswiri nawonso ayamba ntchito yawo ndi mgwirizano wotere.

Pomaliza, tikumbukire kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wozolowera kupenya bwino asanatchule dzina la chinthu sadzavomera msanga mapu onena za nkhalango imene iye saiona kwawo.