Masewero ndi ambiri, kanema ndi mmodzi: amasankha bwanji oti tionere?

Tiyambe ndi kasamu kakang'ono. Mu ligi yaikulu ya mpira wamiyendo kuno kwathu muli matimu 16, ndipo timu iliyonse imakumana ndi inzake kawiri, pakwawo ndi koyenda. Mukachulukitsa 16 ndi 15 mupeza masewero 240 pa chaka. Matimu onse akalowa m'bwalo kumathero a sabata, ndiye kuti pali masewero asanu ndi atatu. Koma wayilesi ya kanema singaike makamera ake m'mabwalo onsewo. Wina wake ayenera kukhala pansi n'kunena kuti, "Loweruka lino tikupita uku, enawa amvera pa wayilesi." Ine ndikufuna tione zimene zimayenda m'mutu mwa munthu ameneyu, chifukwa muli sayansi yambiri kuposa mmene mungaganizire.

Choyamba dziwani kuti mpira wa pa kanema ndi malonda. Wayilesi singangofika pabwalo n'kuyamba kujambula. Imayenera kupeza chilolezo kwa eni mpikisano, monga bungwe la SULOM pa masewero a ligi kapena FAM pa zikho zake ndi masewero a Flames. Ndalama zimene yalowetsa imazibweza kudzera mwa otsatsa malonda kapena anthu olipira kuti aonere. Wotsatsa malonda sasamala kwenikweni kuti wagoletsa ndani. Chimene akugula ndi maso anu. Ndiye funso loyamba la wosankha uja limakhala lakuti: ndi anthu angati amene aonere?

Nanga angawerenge bwanji anthu amene ali m'nyumba zawo? Taganizani za mayi akuphika ndiwo. Kuti adziwe ngati mchere wakwana samwa msuzi wonse, amangolawa kasupuni kamodzi, koma amayamba atakasa. Ofufuza amachita chimodzimodzi: amasankha makomo ochepa oimira dziko lonse, n'kuona zimene makomowo akuonera. Ku America ntchito imeneyi imadziwika ndi kampani ya Nielsen. Vuto limabwera ngati sunatakase. Mutafunsa m'nyumba za mipanda za ku Area 10 ndi Area 43 zokha, kumene madishi ali mbwee pamadenga, mupeza yankho lina. Mutafunsa m'timashedi toonetsa mpira ku Old Town, kumene anthu amadzazana pamabenchi kuyang'ana kanema mmodzi, mupeza linanso. Dikoda imodzi ya ku Area 10 mwina akuonera anthu atatu, pamene ya m'kashedi ikuonetsa khamu. Wowerenga madikoda okha waphonya anthu ambiri.

Ngakhale popanda kafukufuku, aliyense amadziwa kuti Bullets ndi Wanderers ali ndi masapota kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Maule ndi Manoma akamakumana pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, ngakhale munthu amene mpira saukonda kwenikweni amafunsa kuti zikutha bwanji. Kuno ku Lilongwe, Silver Strikers, timu ya Reserve Bank imene likulu lake lili ku City Centre, ikamakumana ndi Civo mzinda umatekeseka. Masewero otere amadzisankha okha.

Koma dzina lokha silikwanira. Mu 1956 katswiri wa zachuma wa ku America, Simon Rottenberg, analemba ganizo limene anthu akulikambiranabe mpaka lero: anthu amakopeka kwambiri ndi masewero amene sakudziwa kuti apambane ndani. Mwaonapo, eti? Timu ikagoletsa zinayi chigawo choyamba chisanathe, anthu amayamba kusuzumira mafoni, ena n'kusintha tchanelo. Wotsatsa malonda amene analipira kuti uthenga wake umveke kumapeto waluza. N'chifukwa chake wosankha amayang'ana m'ndandanda wa ligi. Matimu awiri osiyana ndi pointi imodzi pamwamba, kapena awiri amene akulimbirana kuti asatuluke mu ligi, angakoke anthu kuposa timu yotchuka imene ikukakumana ndi timu yoti aliyense akudziwa kuti ikwapulidwa.

Funso lachiwiri ndi la ndalama zotuluka. Kuulutsa mpira kumafuna makamera angapo, zingwe, anthu ojambula, oulutsa mawu, jenereta poopa kuti magetsi angazime, komanso galimoto yokhala ndi makina osakanizira zithunzi, imene amaitcha OB van. M'galimoto imeneyi mumakhala munthu amene amaona zithunzi za makamera onse nthawi imodzi, n'kumasankha chimene inu muone sekondi iliyonse. Tsopano yerekezani maulendo awiri. Wayilesi ya Zodiak ili ku Area 47, dera lomwenso kuli Silver Stadium, ndipo Bingu National Stadium ili pafupi pomwepo ku Area 48. Kupita ku Karonga ndi makilomita oposa 500: mafuta, malo ogona, chakudya cha gulu lonse. Masewero a ku Karonga angakhale okoma kwambiri, koma ayenera kukoka anthu ambiri kuti alipire ulendowo.

Bwalo lenilenilo nalonso limalankhula. Kamera imafuna kuwala kokwanira ndi malo okwera oti ione bwalo lonse. Bingu National Stadium, imene inatsegulidwa mu 2017 ndipo imalowa anthu pafupifupi 41,000, ili ndi magetsi oti mpira n'kuseweredwa usiku. Mabwalo ambiri alibe, n'chifukwa chake masewero ochuluka amayamba masana, nthawi imodzimodzi, n'kumalimbirana makamera omwewo. Loweruka masana ndi nthawinso imene SuperSport imakhala ikuonetsa ligi ya ku England. Mwini kashedi ku Old Town ali ndi kanema mmodzi, ndiye nayenso amasankha: Arsenal kapena ligi yathu?

Chithunzi chikachoka pabwalo chiyenera kupeza njira yofikira kwa inu, kudzera pa chingwe cha faiba, pa intaneti kapena pa setilaiti. Masetilaiti a kanema amakhala pa mtunda wa makilomita 35,786 kuchokera pansi. Uthenga umathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndiye kukwera ndi kutsika kumatenga pafupifupi kota ya sekondi. Makina opanikiza chithunzi kuti chichepe, ndi dikoda yanu pochimasula, amawonjezerapo masekondi ena. Ndiye mukamva neba wa wayilesi akufuula "chigoliii!" pamene pa kanema wanu mpira ukadali pakona, si ufiti ayi, ndi fizikisi basi.

Tidumphe nyanja pang'ono, tione kumene nkhaniyi inafika patali. Ku America matimu a m'mayunivesite amasewera mpira wawo uja wa mpira wonga dzira, wonyamula m'manja, ndipo ndi bizinesi yaikulu zedi. Bwalo la University of Michigan limalowa anthu oposa 100,000. Loweruka limodzi kumakhala masewero makumimakumi, ndipo mawayilesi monga ESPN, Fox, CBS ndi NBC amakhala ndi mapangano onena kuti woyamba kusankha ndani. Nthawi yoyambira masewero ambiri imalengezedwa kutatsala masiku 12, nthawi zina 6 okha, pofuna kudikira zotsatira za sabata yathayo kuti aone masewero amene atenthe. Pulogalamu ya ESPN yotchedwa College GameDay yakhala ikuyendera masukulu kuyambira mu 1993, ndipo sukulu imene yasankhidwa imaonekera ku dziko lonse. Mafunso awo ndi omwe aja: aonera angati, zotsatira n'zosadziwika bwanji, dzina la timu likulemera bwanji?

Apa ndi pamene pagona nkhani imene ine imandikhudza. Kusankha kumeneku kumazungulira ngati gudumu. Timu yoonekera pa kanema imapeza masapota atsopano. Masapota amakopa makampani othandiza. Ndalama zimagula osewera abwino, timu imapambana, kanema n'kubweranso. Asayansi amati zotsatira zikudyetsa chiyambi chake, monga maikolofoni ikayandikira sipika phokoso n'kumangokula. Kumbali inayo gudumu limazungulira chobwerera: timu yosaoneka imasowa othandiza, ndipo wosewera wake waluso akhoza kutha zaka popanda mphunzitsi wa timu yaikulu kumuona. Mpira wa m'masukulu ndi wa atsikana umavutika ndi zomwezi. Komatu luso liliko. Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi, mu 2024 anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America ndi timu ya Kansas City Current, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Ndi a Temwa angati amene akusewera pabwalo la fumbi lopanda kamera?

Chimene chasintha masiku ano n'chakuti mtengo wa kamera watsika. Foni imodzi, malo okwera ndi bandulo zikhoza kuika masewero a sukulu yanu pa Facebook kapena YouTube, bola mwapempha chilolezo kwa aphunzitsi ndi osewerawo. Jambulani dzuwa lili kumbuyo kwanu, foni mutaigoneka chopingasa.

Ndikusiyireni kantchito. Tengani ndondomeko ya masewero a sabata ino. Masewero aliwonse muwapatse malikisi kuyambira 1 mpaka 5 pa zinthu zinayi: kuchuluka kwa masapota, kuyandikana kwa matimu pa m'ndandanda, ubwino wa bwalo, ndi kufupika kwa ulendo kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Phatikizani, lembani masewero amene mukulosera kuti aonetsedwa, kenako dikirani Loweruka. Mukaphonya, funsani kuti ndi chinthu chiti chimene munachipatsa mphamvu yochepa, mukonze, muyeserenso sabata yotsatira.