IMPSO ZA BAMBO NDI ZA MAYI SIZIGWIRA NTCHITO MOFANANA

Alimi anzanga, nonse mudziwa kuti nkhunzi ndi ng'ombe yofula zingabadwe m'khola limodzi, koma pokula zisiyana khosi, mphamvu ndi ukali. Chozisiyanitsa ndi timadzi ta m'thupi totchedwa mahomoni. Kusiyana kotere kuliponso m'impso za anthu.

Munthu ali ndi impso ziwiri, iriyonse yaikulu ngati nkhonya yake. Ntchito yake ndiyo kusefa magazi. Pa tsiku zisefa madzi okwana malita 180, koma pafupifupi onse zibwezera m'thupi. Otuluka ngati mkodzo ndi lita 1 kapena 2 basi.

Thupi lathu linamangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso, dzina lake maselo, ndipo m'maselomo muli malangizo amene tinatengera kwa makolo, otchedwa majini. Bambo ndi mayi ali ndi majini ofanana pafupifupi onse. Koma majini ena akangalika mwa bambo pamene mwa mayi afooka, monga chimanga cha mtundu umodzi chimera mosiyana kudimba ndi kumtunda.

M'chaka cha 2022 akatswiri a ku Toronto, m'dziko la Canada, anafalitsa zimene anapeza atapima tizidutswa ta impso za anthu 19 athanzi, amene ankapereka impso kwa odwala. M'timachubu timene tibwezera madzi ndi mchere m'magazi, anaona kuti mwa abambo mukangalika majini opangira mphamvu, ngati moto wosonkhezedwa kwambiri. Mwa amayi mukangalika majini otchinjiriza maselo kuti asaonongeke.

Izi zigwirizana ndi zimene madokotala aona. Matenda okhalitsa a impso apezeka mwa amayi ambiri, koma akagwira bambo, impso zake zifulumira kuleka ntchito. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador abambo ambiri odula nzimbe padzuwa lotentha afa nawo matendawa.

Tsono abambo, popita kumunda nyamulani chigubu cha madzi, ndipo imwani ludzu lisanakupwetekeni. Dzuwa likafika pamutu pumulani pamthunzi. Mukaona magazi m'mkodzo, musati ndi chizindikiro cha kukula. Ndi likodzo kawirikawiri, ndipo mukalilekerera liononga chikhodzodzo ndi impso zomwe.

Amayi, njira yanu ya mkodzo ndi yaifupi, chifukwa chake tizilombo tilowa msanga. Mukamva kuotcha pokodza pitani kuchipatala. Pamene muli ndi pakati impso zigwira ntchito yoposa, choncho musaphonye sikelo, makamaka mukatupa nkhope ndi manja.

Nonse awiri kapimitseni shuga ndi kuthamanga kwa magazi, pakuti awa ndiwo adani aakulu a impso. Chepetsaninso mchere m'ndiwo. Impso sizilira msanga. Munthu amva kuwawa zitaonongeka kale, ndipo makina osefera magazi ali kutali, m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Tsalani bwino, ndine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi