Si tsamba lililonse loyenera kupita ku msika

Mvula ikakhazikika, khwanya ndi nkhwani zimadzaza pa msika wa Mzimba boma, ku Embangweni ndi pa Jenda m'mbali mwa msewu wa M1. Ndalama ya ndiwo zamasamba imabwera msanga, koma mlimi wothyola mosasankha amakalipira pa nthawi yokolola.

Tsamba ndiye khitchini ya mbewu. Limatenga kuwala kwa dzuwa, madzi ochokera ku mizu ndi mpweya wa carbon dioxide n'kupanga shuga, yemwe amakadzaza nyemba, dzungu kapena njere za chimanga. Koma masamba sagwira ntchito mofanana. Tsamba lanthete lomwe langotuluka limadya zambiri kuposa zomwe limapanga. Lomwe langomaliza kutambasuka ndipo likuwombedwa ndi dzuwa ndilo limapanga chakudya chochuluka. Lokalamba la m'munsi, lomwe lili pamthunzi ndipo layamba chikasu, ntchito yake yatsala pang'ono kutha.

Vuto n'lakuti ogula amafuna masamba ofewa, omwe ndi antchito a mawa. Choncho wothyola khwanya atenge tsamba limodzi kapena awiri pa tsinde, ndipo asiye nyemba zikayamba maluwa.

Pa chimanga, njere zimadzazidwa kwambiri ndi tsamba la pomwe chaberekera ndi a pamwamba pake. Wofuna kudyetsa ng'ombe kapena mbuzi athyole a m'munsi okha, ena adikire chimanga chikhwime. Pa tomato, yemwe ndi ndalama ya anthu a ku Jenda, kuchotsa masamba achikasu okhudza dothi kumachepetsa matenda, koma kuyeretsa tsinde lonse kumachepetsa zipatso ndipo zotsalazo zimapsa ndi dzuwa.

Nyengo nayonso ili ndi mbali yake. Kuzizira kwa June ndi July kumachedwetsa ntchito ya tsamba, n'chifukwa chake mbewu za kudimba zimakula pang'onopang'ono. Mu October, dothi likauma, tsamba limatseka timabowo take masana kuti lisunge madzi, ndipo kupanga chakudya kumatsika ngakhale dzuwa lili phwee. Kuthirira m'mawa ndi kuphimbira nthaka kumathandiza.

Kuthithikana nako kumaba dzuwa. Mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mbewu imodzi pa masentimita 25 aliwonse zimapatsa tsamba lililonse la chimanga mpata woona kuwala.

Mulu wa khwanya umagulidwa lero, koma thumba la nyemba ndilo limalipira fizi.