Ndege zomwe zinkatera pa nyanja ku Cape Maclear

Kwa chaka chimodzi chokha, kuyambira mu Novembala 1949 mpaka chakumapeto kwa 1950, munthu ankatha kukwera ndege ku Southampton m'dziko la Britain n'kudzatsikira ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa Fort Johnston. Kumeneko kunalibe bwalo la ndege. Ndegezo zinkatera pa madzi. Zaka zoposa 70 zadutsa, koma pa 7 Disembala chaka chilichonse, pamene mayiko amakumbukira tsiku la maulendo a pandege, chigawo cha kumwera kwa nyanja ya Malawi chimakhala ndi mbiri yake yoti chinene.

Malonda onyamula anthu pa ndege anayambira pa madzi. Pa 1 Januwale 1914, kandege kotera pa madzi kanayamba kuwolotsa anthu kuchoka ku St Petersburg kupita ku Tampa m'dziko la America, ndipo paulendo woyambawo kananyamula munthu mmodzi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, mu Ogasiti 1919, ndege zinayamba kuyenda tsiku ndi tsiku pakati pa London ndi Paris. Apa maboma anakumana ndi funso lomwe sitima ndi galimoto sizinabweretse: kodi mlengalenga ndi mwa yani? Pangano la ku Paris la mu Okutobala 1919 linayankha kuti dziko lililonse ndi mwini wa mlengalenga wa pamwamba pa nthaka yake. Pangano la ku Chicago, lomwe mayiko 52 anasainira pa 7 Disembala 1944, linabwereza mfundoyi n'kuwonjezera zina. Ndege iliyonse ikhale yolembetsedwa m'dziko limodzi, ikhale ndi chiphaso chotsimikiza kuti ili bwino, oiyendetsa akhale ndi malaisensi, ndipo ndege zoyenda maulendo okhazikika zisalowe m'dziko la eni popanda chilolezo.

Ku Nyasaland, komwe lero ndi Malawi, malamulowa ankafika kudzera ku boma la Britain. Ndege zing'onozing'ono zinayamba kuchita malonda m'zaka za m'ma 1930, makamaka kunyamula makalata ndi anthu ochepa pakati pa Blantyre, Beira ndi Salisbury, komwe lero ndi ku Harare. Mu 1946 mayiko atatu, Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, anakhala ndi kampani imodzi ya ndege ya maboma awo. Koma ndege zikuluzikulu za ku Ulaya zinkalambalala dziko lino, kufikira pamene kampani ya ndege ya boma la Britain inaika Cape Maclear pa njira yake yopita ku South Africa.

Ndege yake inali Short Solent, ya mainjini anayi, yokhala ndi mimba yosongoka ngati ya boti komanso timaboti tiwiri tolendewera kunsi kwa mapiko toithandiza kuti isapendekeke. Mkati mwake munali chipinda chapansi ndi chapamwamba, ndipo inkanyamula anthu opitirira 30. Inkauluka masana okha. Dzuwa likapendeka inkatera, apaulendo n'kukagona ku hotela, choncho ulendo wochoka ku Southampton kukafika ku damu la Vaal kufupi ndi Johannesburg unkatenga masiku anayi ndi kanthu. Njira yake inkatsata madzi: nyanja ya Mediterranean, mtsinje wa Nile ku Khartoum, nyanja ya Victoria ku Port Bell, kenako kumwera.

Kutera kwake inali ntchito ya anthu ambiri. Ndege isanafike, boti la injini linkayamba layendera malo onse oterapo, chifukwa bwato la msodzi, chipika choyandama kapena mvuu zikanatha kung'amba mimba ya ndegeyo. Kenako phokoso linkamveka kuchokera kumpoto, ndege n'kutsika pang'onopang'ono moyang'anana ndi mphepo mpaka mimba yake itakhudza madzi, thovu loyera n'kumwazikira mbali zonse ziwiri. Ikachepetsa liwiro inkasanduka sitima. Inkayandama kulunjika pa chitsulo choyandama chomwe chinamangiriridwa ku nangula, ndipo mmodzi mwa ogwira ntchito ankatulukira pa kachitseko ka kumphuno n'kukola chingwe. Pamenepo maboti ankayandikira, ena kudzatenga apaulendo ndi matumba a makalata, ena kubweretsa mafuta. Zonsezi zinkachitika pamaso pa anthu a m'mudzi wa Chembe, pa madzi omwe iwo ankapherapo usipa ndi chambo. Malowa ndi obisika, chifukwa mapiri a Nankumba amatchinga mphepo ya mwera, ndipo kutsogolo kwake kuli zilumba za Thumbi ndi Domwe. Pa gombe lomweli ndi pomwe amishoni a ku Scotland anakocheza mu 1875 pofuna doko lodekha.

Chomwe anthu okonda mbiri amasiyana nacho maganizo ndi chifukwa chomwe ulendowu unathera msanga. Ena amaloza chala pa malowo. Cape Maclear ili kutali ndi Blantyre, kumene kunali malonda, komanso ndi Zomba, lomwe linali likulu la boma. Msewu wopita kumeneko unali wa fumbi, wodutsa m'mapiri, ndipo nthawi ya dzinja unkavuta. Munthu wochoka ku Britain, amene wauluka bwinobwino masiku angapo, ankayenera kupirira ulendo wina wautali wa pagalimoto kuti akafike m'tauni. Pa maganizo amenewa, boma la atsamunda linalandira ndege lisanakonze njira yofikira pa ndegeyo.

Ena amati msewu unali vuto laling'ono, ndipo umboni wambiri uli kumbali yawo. Mu Novembala 1950 kampani ija inasiya kugwiritsa ntchito ndege zotera pa madzi pa njira zake zonse, ngakhale ku malo a misewu yabwino. Nkhondo yachiwiri inasiya mabwalo a ndege ambiri mu Africa ndi kwina, ndipo ndege zotera pa mtunda zinali zaliwiro komanso zotsika mtengo kuyendetsa. Malo alionse otera pa madzi ankafuna maboti, amalinyero, anangula ndi hotela, pamene ndege zake zinkabwera mwa apo ndi apo. Pasanathe zaka ziwiri, mu Meyi 1952, ndege ya jeti ya Comet inachoka ku London n'kukafika ku Johannesburg m'maola osakwana 24. Ndege yogona panjira katatu kapena kanayi sikanapikisana nayo. Komabe mfundo ya oyamba aja siingatayidwe yonse, chifukwa Comet inkaima ku Entebbe ndi ku Livingstone, kumene kunali mabwalo aakulu, pamene Nyasaland anatsala opanda ndege yochokera ku Ulaya mwachindunji. Mayiko omwe maboma awo anamanga mabwalo ndiwo anakhalabe pa njira.

Dziko la Malawi litalandira ufulu mu 1964, linatenga udindo woyang'anira mlengalenga wake. Ndege zolembetsedwa kuno zimayamba ndi chizindikiro cha 7Q, pamene za ku Mozambique zimayamba ndi C9. Ndege zikuluzikulu zochokera kunja zimatera ku Chileka ndi ku Lumbadzi, ndipo mabwalo ang'onoang'ono a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi amalandira tindege ta alendo odzaona malo.

Lamulo la 1919 lija limaoneka bwino pa Chiponde, pa malire a Malawi ndi Mozambique, kupitirira Namwera. Wopita ku Mandimba amaima pa chipata, n'kuonetsa chiphaso, katundu wake n'kuunikidwa ndi a kasitomu. Ndege yodutsa pamwamba pa mapiri omwewo siima, koma nayonso imakhala itapempha chilolezo, ndipo woiyendetsa amalankhula pa wailesi ndi oyang'anira mlengalenga podutsa malirewo. Ku Cape Maclear, malo omwe ndege zinkatera aja ali m'dera lomwe linakhala paki yotetezedwa ya nyanja ya Malawi mu 1980, ndipo pa madziwo lero pamayenda mabwato a asodzi ndi maboti onyamula alendo opita ku Thumbi.