KUTSUKA FILIMU PAKHOMO: MALANGIZO KWA OYAMBA KUMENE

Masiku ano anthu ambiri ajambula zithunzi ndi foni, ndipo chithunzi chioneka nthawi yomweyo. Komabe m'nyumba zina, makamaka za aphunzitsi ndi za anthu amene anakagwirapo ntchito kutali, mukali makamera akale olowa filimu, ndipo ena mwa makamerawo akali olimba ndithu. Filimu ya zithunzi zakuda ndi zoyera ikali kupangidwa, monga ya Ilford ku England ndi ya Kodak ku America, pamodzi ndi mankhwala ake otsukira. Chovuta nchakuti malo otsukitsako filimu anachepa kwambiri. Tsono nkhani ino ifotokoza mmene munthu angatsukire filimu yake yekha pakhomo, ngakhale kumudzi kumene kulibe magetsi kapena madzi a m'mipope.

Ntchitoyi siifuna mphamvu kapena maphunziro apamwamba. Ifuna mdima kwa mphindi zochepa, madzi oyera, wotchi, ndi munthu wosapupuluma. Chachikulu choyenera kukumbukira nchakuti filimu itsukidwa kamodzi kokha. Ngati pafilimupo pali chithunzi cha agogo, cha ukwati, kapena cha ana a sukulu amene chaka chamawa adzakhala atabalalika, wotsuka akalakwitsa zithunzizo zapita, ndipo palibe mankhwala amene angazibweze.

CHIMENE CHICHITIKA PAFILIMU

Filimu ndi lamba wopyapyala wa pulasitiki. Mbali imodzi ya lambayo anapakako gelatin, ndiwo ulimbo wochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, ndipo mu ulimbomo muli timibulu ta mchere wa siliva, tating'ono koposa fumbi la ufa. Wojambula akadina batani, kuwala kulowa m'kamera ndi kugwa pa timibuluto. Timene talandira kuwala tisintha, koma kusinthako sikuoneka ndi maso. Chithunzi chilipo, koma nchobisika.

Kutsuka ndiko kuonetsa chobisikacho, ndipo kuchitika ndi mankhwala a mitundu itatu. Oyamba, otchedwa developer, asandutsa timibulu tonse timene tinalandira kuwala kukhala siliva wakuda. Achiwiri, otchedwa stop bath, ndi madzi owawasa ngati viniga amene aimitsa ntchito ya oyamba aja. Achitatu, otchedwa fixer, asungunula timibulu totsala timene sitinalandire kuwala, kotero kuti filimu siopanso dzuwa. Zikatha izi munthu ali ndi negativi, ndicho chithunzi chotembenuka: malaya oyera aoneka akuda, ndipo tsitsi lakuda lioneka loyera.

Nzeruyi njakale. M'chaka cha 1819 John Herschel wa ku England anapeza kuti mankhwala otchedwa hypo asungunula mchere wa siliva, ndipo hypo agwirabe ntchito ya fixer kufikira lero. Mu 1841 William Henry Fox Talbot, wa ku England komweko, analembetsa njira yake yopangira negativi imene munthu angatengepo zithunzi zambiri. Pamene George Eastman anatulutsa kamera ya Kodak mu 1888, mwini kamera ankaitumiza yathunthu ku fakitale ku Rochester kuti akamtsukire. Lero zipangizo zonse zotsukira zikwana m'dengu limodzi.

ZIPANGIZO ZOFUNIKA

Choyamba ndi thanki yotsukira, ndiko kachitini kakuda ka pulasitiki, ka msinkhu wa kapu yaikulu. Chivundikiro chake anachipanga mochenjera, kotero kuti madzi alowa ndi kutuluka koma kuwala sikulowa. M'kati mwake mukhala chokulungira, chonga gudumu la tinjira tozungulira, chimene chigwira filimu m'mphepete kuti isakhudzane, ndi kuti mankhwala afike paliponse. Pafunikanso thermometer yoyesera kutentha kwa madzi, jagi ya mizere yosonyeza mamililita, mabotolo atatu otsekeka bwino, wotchi, sizasi, chotsegulira mabotolo chotsegulira kachitini ka filimu, chingwe ndi mapegi awiri.

Developer wodziwika bwino kwa oyamba ndi D-76 wa Kodak, amene anatuluka mu 1927, ndi ID-11 wa Ilford, wofanana naye kwambiri. Onse awiri abwera a ufa, ndipo asungunulidwa m'madzi ofunda potsata malangizo olembedwa papaketi. Palinso Rodinal, wamadzimadzi, amene anatuluka mu 1891, ndipo ubwino wake ngwakuti akhalitsa m'botolo osaonongeka. Stop bath akasowa, madzi oyera okha akwanira, koma fixer alibe cholowa m'malo mwake.

Wogula filimu ayang'ane bwino pabokosi. Filimu yolembedwa C-41, monga ya zithunzi za mitundumitundu, ifuna mankhwala ena ndi madzi otentha madigiri 38, ndipo malangizo ano sali a filimu yotero.

Botolo lililonse lilembedwe dzina ndi zilembo zazikulu. Munthu akasokoneza nayamba kuthira fixer, timibulu tonse tisungunuka chithunzi chisanaoneke, ndipo filimu ituluka yoyera ngati galasi, yopanda kanthu.

GAWO LA MUMDIMA

Gawo limodzi lokha ndilo lifuna mdima, ndilo kuchotsa filimu m'kachitini kake ndi kuilowetsa m'chokulungira ndi m'thanki. Mdimawo ukhale wa ndiweyani. Nyali yofiira imene ena anaiona m'zipinda za ojambula ndi ya potsuka mapepala a zithunzi. Filimu imva kuwala kwa mtundu uliwonse, ndi kofiira komwe. Kumudzi nthawi yabwino ndi usiku wopanda mwezi, m'chipinda chotseka, mabulangete atapachikidwa pazenera ndi pachitseko. Wotsuka ayambe wakhala m'chipindamo mphindi 5 kuti maso azolowere. Akaona dzanja lake, ngakhale mwachizimezime, ndiye kuti mdima sunakwane. Foni, tochi ndi mbaula zikhale kunja.

Filimu ya 35mm ya zithunzi 36 italika kupitirira mita imodzi ndi theka, ndipo kuilowetsa ndi manja okha, maso osaona, ndi pamene oyamba avutika koposa. Chifukwa chake munthu ayambe waphunzira ndi filimu yakale yoonongeka, poyamba masana akuona, kenaka atatsinzina, kufikira manja atazolowera. Chokulungira chikhale chouma, ndi manja omwe, pakuti kadontho kamodzi ka madzi kapena thukuta kamatitsa filimu panjira. Filimu igwiridwe m'mphepete mokha. Ikakana kulowa asaikakamize, chifukwa ipindika nisiya zipsera pazithunzi. Aiike m'thanki momwemo, atseke, apumule, ndipo ayambenso. Kuona maso a nkhono nkudekha. Thanki ikatsekedwa bwino nyali ikhoza kuyatsidwa, ndipo ntchito yotsala ingadikire kufikira m'mawa.

KUTENTHA NDI NTHAWI

Developer agwira ntchito mofulumira akakhala wofunda, ndipo achedwa akakhala wozizira. Motero opanga filimu anapangana kuyesa nthawi zawo pa madigiri 20 a Celsius. Mwachitsanzo, filimu ya Ilford HP5 Plus, mu ID-11 wosaonjezera madzi, ifuna mphindi 7 ndi theka pa madigiri 20, pamene FP4 Plus ifuna mphindi 8 ndi theka. Filimu iliyonse ili ndi nthawi yake, yolembedwa m'kati mwa bokosi lake kapena pa pepala la mankhwala, ndipo wotsuka asachite kuganizira.

M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala madzi apyola madigiri 20 msanga. Developer akafika madigiri 24, mphindi 7 ndi theka zija zitsika kufika pafupi ndi 5, ndipo nthawi ikachepa kuposa pamenepo filimu ituluka yamawangamawanga. Njira yabwino ndiyo kutsuka m'mamawa, mabotolo a mankhwala atamizidwa mumtsuko wa madzi ogona, pakuti mtsuko uziziritsa madzi. M'nyengo yachisanu ya Juni ndi Julaye mabotolowo aikidwe m'beseni la madzi ofunda kufikira thermometer itasonyeza 20. Mankhwala onse atatu ndi madzi otsukuluzira akhale ofanana kutentha, chifukwa kusintha kwadzidzidzi kukwinyitsa gelatin.

KATSUKIDWE KAKE

1. Ayese developer wokwanira kumiza chokulungira chonse. Thanki ya Paterson ifuna mamililita 290 pa filimu imodzi ya 35mm, ndi mamililita 500 pa filimu yaikulu ya 120.

2. Athire msanga, nayambe kuwerenga nthawi pomwepo. Atatseka pakamwa pa thanki, aitembenuze chadodolido ndi kuibweza kanayi m'masekondi 10 oyamba, ndipo achite chomwecho poyamba pa mphindi iliyonse. Akatha kutembenuza agogode thanki patebulo pang'ono kuti thovu lichoke pafilimu, pakuti pamene pakhala thovu patsala kadontho pachithunzi.

3. Atatsala masekondi 10 kuti nthawi ikwane, akhuthule developer, nathire stop bath kwa theka la mphindi, akutembenuza thanki. Ngati agwiritsa ntchito madzi okha, awasinthe katatu.

4. Athire fixer, natembenuze monga poyamba paja. Fixer wofulumira afuna mphindi 2 kufikira 5. Pofuna kudziwa ngati fixer akali ndi mphamvu, munthu aviike kachidutswa kodula kunsonga ya filimu, naone nthawi imene katenga kuti kayere ngati galasi. Filimu ya m'thanki ikhale mu fixer kawiri nthawi imeneyo. Fixer abwezedwe m'botolo lake, chifukwa atsuka mafilimu angapo.

5. Tsopano thanki ikhoza kutsegulidwa, koma filimu iyenera kutsukuluzidwa kuti fixer achoke, pakuti wotsalira adzaononga zithunzi m'zaka za m'tsogolo. Kumene kulibe mpope, njira imene Ilford alangiza ithandiza kwambiri: athire madzi m'thanki, atembenuze maulendo 5, akhuthule, athire ena, atembenuze maulendo 10, akhuthule, athirenso ena, atembenuze maulendo 20, akhuthule. Madzi akakhalapo ambiri, kubwereza kachinayi sikulakwa. Madzi a pachitsime ayambe asefedwa pa nsalu yoyera, chifukwa mchenga ukanda filimu.

6. Apachike filimu pachingwe, pegi imodzi kumwamba ndi ina kunsi yoikoka kuti isapindike. Gelatin yonyowa njofewa, ndipo fumbi likagwapo limamatira kosatha. Chipinda chikhale chotseka ndi chopanda utsi, pansi atawazapo madzi kuti fumbi lisauluke. Filimu isayanikidwe padzuwa kapena pafupi ndi moto. Ikauma patapita maola angapo, aidule zidutswa za zithunzi 6, naziike m'maenvulopu oyera.

NEGATIVI INENA ZOONA

Wotsuka wanzeru ayang'ana negativi yake pazenera kuti adziwe pamene panalakwika. M'mphepete mwa filimu muli manambala ndi dzina la filimuyo, zimene opanga anazijambuliratu kufakitale. Manambalawo akaoneka akuda bwino koma zithunzi palibe, katsukidwe kanali kolungama, ndipo cholakwa chili m'kamera: filimu sinayende, kapena diso la kamera silinatseguke. Manambala akasowanso, cholakwa chili m'mankhwala: developer anali wakufa, kapena fixer anatsogola. Filimu yakuda bii kuyambira m'mphepete kufikira m'mphepete inalandira kuwala kunja kwa kamera. Zithunzi zotuwa ndi zofooka zisonyeza kuti nthawi inachepa, developer anazizira, kapena kuwala kunachepa pojambula. Zakuda kwambiri zisonyeza kuti nthawi, kutentha kapena kuwala zinapyola. Filimu yooneka ngati yathiridwa mkaka sinakhalitse mu fixer, ndipo cholakwa ichi nchokonzeka: ibwezedwe mu fixer watsopano, nitsukuluzidwenso.

Nkwabwino kukhala ndi kabuku kolembamo dzina la filimu, developer, madigiri, mphindi, ndi mmene negativi inatulukira. Kabukuko ndiko kadzakhala mphunzitsi wa filimu yotsatira.

CHENJEZO

Mankhwala awa sali akumwa. Asasungidwe m'mabotolo a zakumwa, ndipo akhale pamwamba pamene ana safika. Jagi ndi beseni za ntchitoyi zisabwerere kukhitchini. Developer atulutsa zidzolo pakhungu la anthu ena, motero nkwabwino kuvala magolovesi ndi kusamba m'manja ndi sopo ntchito ikatha. Akagwera m'maso, munthu asambe ndi madzi ambiri, napite kuchipatala atatenga paketi ya mankhwalawo. Fixer wotha ntchito ali ndi siliva amene aononga nsomba ndi tizilombo ta m'madzi. Asatayidwe m'chitsime, mumtsinje, m'dimba kapena m'dziwe la nsomba, koma asungidwe m'botolo lotseka ndi lolembedwa.

ZOTSATIRA

Negativi sindiyo chithunzi chopachika pakhoma, koma ndiyo mayi wa zithunzi zonse. Kuchokera pa negativi imodzi munthu akhoza kutsuka zithunzi zambiri pamapepala, m'chipinda cha nyali yofiira chija, kapena kuiika pa makina a scanner kuti ilowe m'kompyuta. Ena aiika patsogolo pa chinthu choyera chowala, naijambula ndi foni, ndipo foniyo itembenuza zakuda kukhala zoyera. Negativi yotsukuluzidwa bwino, yosungidwa pouma ndi posafika chiswe, ikhala zaka makumi ambiri, ndipo adzukulu adzaona nkhope za makolo awo ngakhale foni zimene zilipo lero zitatha kalekale.

Aphunzitsi angapeze m'ntchito imeneyi phunziro labwino la sayansi, pakuti ana ayesa madzi, awerenga thermometer, asunga nthawi, ndipo pomaliza aona ndi maso awo chimene kusamala kwabala. Koma woyamba aliyense, mphunzitsi kapena mlimi, asayambire pa zithunzi zamtengo wapatali. Filimu yoyamba ikhale ya mbuzi, nkhokwe ndi mitengo ya pabwalo, zimene zidzakhalapo mawa ngati zithunzi zalakwika. Ukwati ndi nkhope ya agogo zidikire kufikira manja ndi kabuku kaja zitasonyeza kuti munthu wakhoza.